Mwana Wanu Akanena Kuti Akufuna Kudzakhala Dokotala wa Mtima

Amayi anzanga, Lamulungu lina titatuluka Misa yoyamba, mayi wina wa mu mphakati wathu anandikokera pambali. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, ndipo wawauza kuti akufuna kudzakhala dokotala wa mtima. "Anamwino, zimenezi zingatheke kwa mwana wa kuno kwathu? Kapena ndingomuuza kuti aiwale?" Ndinawayankha kuti zingatheke, koma ulendo wake ndi wautali, ndipo kholo liyenera kuudziwa usanayambe.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndinakondwera ndi funso lawo. Mu wodi ya amayi oyembekezera ndaonamo atsikana amene amabwera mimba ili ndi miyezi 7, akupuma mobanika, miyendo yotupa, osatha kugona chagada. Ambiri mwa iwo vuto linayamba ali ana, ndi zilonda zapakhosi zomwe sizinathandizidwe. Thupi polimbana ndi tizilombo ta pakhosipo limatha kuwononga tizitseko ta mu mtima. Mtsikana amakula osadziwa kanthu. Akatenga pathupi magazi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndiye mtima wowonongeka uja umalephera kuwapopa. Ife azamba timachita zomwe tingathe, koma pamafunika munthu wodziwa kujambula mtima ndi kumasulira chimene waona. Anthu otere kuno ndi ochepa kwambiri, ndipo amapezeka makamaka ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ulendo umayambira pa MSCE. Mwana ayenera kukhoza bwino Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ndiye mukamamutuma kumunda kapena kuchigayo nthawi ya mayeso, dziwani kuti mukumudula miyendo. Akasankhidwa amapita ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za udokotala. Akamaliza amagwira ntchito miyezi 18 pansi pa madokotala akuluakulu, ndipo ndi bungwe la Medical Council of Malawi limene limamulembetsa kuti ndi dokotala.

Apa makolo ambiri amapumira m'mwamba, kuyesa kuti zatha. Ayi, pamenepa wangokhala dokotala wa matenda onse. Kuti afike pa mtima ayenera kuphunziranso zaka 4 za ukatswiri, kaya wa matenda a akuluakulu kapena a ana. Akatero m'pamene amawonjezera zaka ziwiri kapena zitatu za mtima wokhawokha, ndipo izi kawirikawiri amakachitira kunja, monga ku South Africa. Mukawerengetsa zonse zikupitirira zaka 13. Mtsikana wolowa ali ndi zaka 18 amadzamaliza atapitirira zaka 30. Pakati apo azakhali ake adzayamba kufunsa kuti akwatiwa liti. Inu amayi ake mukonzeretu yankho.

Gawo la kunjali ndi limene limagwetsa ambiri, osati chifukwa cha nzeru koma ndalama. Ku South Africa dokotala wochokera dziko lina amalandiridwa kuti aphunzire, koma nthawi zambiri salipidwa ndi chipatala cha kumeneko. Ayenera kukhala ndi womulipirira, kaya boma, kaya bungwe. Ayeneranso kulembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala la dzikolo, la HPCSA, ndipo mapepala ake amatenga nthawi. Womulipirira amamusayinitsa kalata yoti akamaliza adzabwerera kudzagwira ntchito zaka zakutizakuti. Ine kalata imeneyi ndimagwirizana nayo. Ndimamvetsa amene amatsalira ku Johannesburg kapena ku London, chifukwa katswiri wa mtima wopanda makina ojambulira ndi mankhwala manja ake amakhala omangika. Komabe zimandipweteka ndikaganiza za atsikana a mu wodi aja.

Nanga ntchito amaipeza bwanji? Za boma zimalengezedwa poyera, ndipo nthawi zina munthu amadikira miyezi yambiri asanaitanidwe. Zipatala za mipingo zili pansi pa CHAM nazo zimalemba madokotala, chimodzimodzi sukulu ya udokotala ndi mabungwe a kafukufuku. Chimene chimamuyendera munthu kwambiri ndi umboni wa akuluakulu amene anagwira nawo ntchito. Dokotala wamng'ono wofika mochedwa, wokalipira anamwino ndi odwala, mbiri yake imafika iye asanafike, pakuti a zaumoyo m'dziko muno timadziwana.

Chenjerani ndi mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza ntchito ya udokotala kapena unamwino kunja mukatumiza ndalama. Ndikudziwa banja lina limene linagulitsa mbuzi zonse kuti litumize ndalama kwa munthu amene silinamuonepo, ndipo nambala yake inasiya kupezeka. Mwana wanu akalandira uthenga wotere, aufufuze kaye kudzera ku sukulu yake kapena kwa akuluakulu a ku ntchito.

Ngati mapointi sanakwane, musamutaye mtima. Anamwino ndi ma clinical officer nawo amaphunzitsidwa kusamalira odwala mtima: kuyeza BP, kubaya jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi amene amateteza tizitseko tija kuti tisapitirire kuwonongeka, ndipo ena amaphunzira ngakhale kujambula mtima.

Mayi aja ndinawauza kuti abwere naye mwanayo pa holide, adzacheze ndi ophunzira athu ndi kuona mmene tsiku la kuchipatala limayendera. Anabwera, anafunsa mafunso mpaka madzulo, ndipo pochoka anandibwereka buku la Biology limene sanabwezebe.