Kusamala Munthu Wolandira Mapapo Atsopano

Amuna ogwira nchito pansi pa mgodi adziwa bwino kuti pfumbi la miyala likalowa m'mapapo siliturukanso. Mapapo amauma, ndipo munthu amacita befu ngakhale pokwera kamtunda kakang'ono. Madokotala akhoza kuiona nthendayi pa cithunzi, koma mankhwala ocotsa pfumbilo palibe. Kwa anthu owerengeka cotsala ndico kucotsa mapapo oonongekawo ndi kuikamo a munthu wina amene wangomwalira kumene.

Woyamba kucita zimenezi pa munthu anali Dr James Hardy wa ku Amereka m'caka ca 1963, koma wodwalayo anakhala masiku 18 okha. Mu 1983 Dr Joel Cooper wa ku Toronto anapambana, wodwala wace nakhala moyo zaka zoposa 6. Munthu wa ku Kafue wofuna opaleshoni yotere ayenera kupita kutali, monga ku cipatala ca Milpark ku Johannesburg.

Tsono nchito yaikuru imayamba iye atabwerera kwao. Thupi limayesa mapapo acilendowo ngati mdani, niliyamba kuwathira nkhondo. Cifukwa cace wodwala amamwa mankhwala ofooketsa citetezo ca thupi, monga tacrolimus, tsiku ndi tsiku pa nthawi yace kufikira imfa. Kulumpha masiku pang'ono, poti botolo latha kapena ndalama zacepa, ndiko kutaya mapapowo.

Koma mankhwala omwewo amatsegulira khomo matenda ena, ndipo kwathu kuno coopsa koposa ndico cifuwa cacikuru. Apa mwambo wathu wabwino umapweteka. Wodwala akafika, abale ndi anansi amadzaza nyumba kudzamzonda, ena akukhosomola. Womsamala ayenera kulimba mtima ndi kuwakhazika panja, ngakhale akhale amalume. Wa m'nyumbamo amene wakhosomola masabata awiri apite akapimidwe makhololo.

Mbaula ikhale kunja, ndipo fodya asasutidwe pafupi naye. Madzi akumwa, makamaka otungidwa ku mtsinje wa Kafue, ayambe awiritsidwa. M'miyezi ya August ndi September, pamene mphepo iulutsa pfumbi, wodwala aphimbe mphuno ndi pakamwa poturuka.

M'mawa uli wonse apimidwe kutentha kwa thupi, ndipo auzire m'kacipangizo koyesa mphamvu ya mpweya wace, nalembe ciwerengeroco m'buku. Cikatsika masiku awiri otsatana, kapena thupi likatentha, asadikire kuti aone mawa. Apite kwa dokotala tsiku lomwelo, atanyamula bukulo ndi mabotolo onse a mankhwala.