Injini ikulira, batire lisachotsedwe

Ku Misuku kulibe nyanja, koma malole amene amatsika ndi khofi kulowera ku Kapoka amadwala nthenda imodzi ndi maboti a dizilo a ku Chilumba: kupsa kwa alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira.

Injini zakale za dizilo sizifuna magetsi kuti zipitirize kuyenda. Zimazimitsidwa pokoka waya wotseka mafuta. Choncho munthu akhoza kutembenuza kiyi, nyali zonse n'kuzima, injini ili chilirire ndipo alternator ikuzungulirabe. Pa injini zina palibe chimene chimapsa nthawi yomweyo, komabe chenjezo la oyilo ndi la kutentha limakhala lafa. Pa zina, malinga ndi momwe mawaya analumikizidwira, alternator imasiya kutchaja kapena kuwonongeka kumene.

Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chathu chija chobwereka batire kwa mnzathu, kuliza injini, kenako kulichotsa kuti mwini wake alitenge. Amakaniko enanso amazula theminolo ya batire injini ikulira, ati aone ngati alternator ikutchaja. Mayeso amenewa ndi amene amapha alternator.

Mkati mwake muli ma diode, kawirikawiri 6, amene amawongola magetsi kuti alowe m'batire, komanso regulator yosunga mphamvu pafupifupi pa mavoti 14. Batire limameza magetsi onse ochuluka. Likachoka mwadzidzidzi, magetsiwo amasowa kolowera, ndipo regulator isanawabweze mphamvu imatha kukwera kupitirira mavoti 100. Zimachitika sekondi imodzi isanakwane, koma ma diode amakhala atapsa kale, nthawi zina pamodzi ndi wailesi ndi mababu. Pa boti, kutembenuzira swichi yaikulu ya mabatire pa "off" injini ikulira n'chimodzimodzi.

Kuipa kwake, diode imodzi ikapsa injini imayendabe bwinobwino. Batire limangofooka tsiku ndi tsiku, mwini wake n'kumadandaula kuti anamugulitsa lachabe. Panyanja, limadzakana kuliza injini usiku, gombe lili kutali. Kumapiri kuno, lole imagona pamsewu ndi katundu, sipeya akukafunidwa ku Karonga kapena ku Mzuzu.

Yambani mwazimitsa injini, ikaima zii ndiye mutembenuze kiyi, batire pomaliza. Ngati lanu lafa, lumikizani ndi majampa lili pamalo pake. Makaniko akafuna kuyesa alternator, muuzeni atenge multimeter: injini ikulira, pa batire payenera kuwerengeka mavoti a pakati pa 13.8 ndi 14.4.