Kamakina koyamwa chilonda kapulumutsa mwendo wa achemwali anga

Amangwetu, chakudza sichiimba ng'oma. Achemwali anga, omwe amagulitsa kaunjika mu msika wa Limbe, adangokalidwa ndi msomali wa pabenchi pamsongolo. Kachilonda kake kongolowa nsonga ya chala basi.

Koma poti iwowa ali ndi matenda a shuga, kachilondako kadayamba kunyeka. Adathirapo phulusa, kenaka makala a batire, ati anzawo a mumsika adawauza kuti chiuma msanga. Pomatha miyezi iwiri, chilonda chidali dzenje lotuluka mafinya, fungo lake makasitomala nkumalambalala benchi. Mpamba wonse udathera panadolo ndi mabandeji.

Mwana wawo yemwe ali pa ntchito ku Johannesburg ndiye adati, "Amayi, bwerani kuno musanadulidwe mwendo." Ine ndidawaperekeza pa basi.

Kuchipatala kumeneko adokotala adayamba achotsa mnofu wonse wowola. Atatero adadula siponji molingana ndi kukula kwa chilonda, nkuilowetsa m'dzenje muja. Pamwamba adamatapo pulasitiki yoonekera kuti mpweya usalowe, nkulumikiza kapaipi kopita ku kamakina konga kawailesi. Atangokayatsa, siponji ija idafwamphuka ngati buledi wofinyidwa m'manja.

Ndidafunsa anamwino kuti kodi zimenezi ndiye zitani? Adandilongosolera kuti kamakinako kamayamwa madzi ndi mafinya usana ndi usiku nkumathira m'kabotolo. Kutupa kukachepa, magazi amayenda bwino m'mbali mwa chilonda. Kukoka kuja kumasendezanso milomo ya chilonda pafupi, ndipo mnofu watsopano wofiira umamera kuchokera pansi. Kawirikawiri amakatchera pa 125 mmHg, ndipo siponji amaisintha pakatha masiku awiri kapena atatu.

Kusinthako ndiye kudali kowawa, abale. Achemwali ankandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Koma sabata yachitatu fungo lidatheratu, dzenje litayamba kudzaza. Pambuyo pake adachekako khungu la pantchafu nkuphimba pamalopo.

Nzeruyitu si yakale kwambiri. Dokotala wa ku Germany, Wilhelm Fleischmann, adalembapo za njirayi mu 1993. Ku America, Louis Argenta ndi Michael Morykwas a pa Wake Forest University adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo mu 1997. Pachingerezi njirayi amaitcha negative pressure wound therapy.

Komatu musaganize kuti ndi matsenga ochiza chilonda chilichonse. Saika kamakinaka pachilonda cha khansa, pa fupa lomwe lalowa matenda lisanachizidwe, ngakhalenso pomwe mitsempha ya magazi ili pamtunda. Mu 2009 bungwe la FDA ku America lidachenjeza kuti anthu ena adamwalira atataya magazi ambiri ali pa makinawa. Ndipo kafukufuku wa ku Britain yemwe adatuluka mu 2018 adapeza kuti kwa anthu othyoka mwendo fupa nkutulukira kunja, patatha chaka panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa omwe adaikidwa makina ndi omwe adangomangidwa mabandeji wamba. Ndiye zoyeserera kunyumba ndi pampu ya njinga, ayi ndithu.

Achemwali adabwerera pa benchi lawo patatha miyezi inayi. Akuyenda motsimphina pang'ono, koma ndi miyendo yawo iwiri. Mpamba adachita kuyambanso ndi ngongole ya kubanki m'khonde.

Nditawafunsa chomwe chimawawawa kwambiri, sadatchule za siponji ija. Adati, "Achimwene, ndikadapita kuchipatala sabata yoyamba ija, bwenzi zonsezi kulibe."

Inu amene mumakhala chiimire tsiku lonse mumsika, makamaka a shuga, muziyang'ana mapazi ndi miyendo yanu madzulo aliwonse. Kachilonda kakatha masabata awiri kasakupola, kapena kakayamba kutupa ndi kununkha, siyirani mnzanu benchi muthamangire kuchipatala. Kwa a shuga, musadikire nkomwe masabatawo. Malonda a tsiku limodzi sangagule mwendo.