Njira Ziwiri Zotchingira Zotsatsa Malonda pa Foni

Munthu wa ku Kapondo akagula bandulo ya TNM kapena Airtel kuti aone mitengo ya soya ndi mtedza, gawo lina la banduloyo limathera pa zithunzi zotsatsa malonda zimene iye sanaziitane. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zotsatsazi zimadza ndi timapulogalamu tobisika tolemba masamba amene munthu watsegula, mtundu wa foni yake ndi dera limene ali. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira zimenezi, koma makampani ambiri otsatsa ali kunja kwa dziko lino. Choncho mwini foni ayeneranso kudziteteza yekha.

Njira yoyamba ndiyo kuika chotchinga mu browser, pulogalamu imene timatsegulira masamba a intaneti. Chodziwika bwino ndi uBlock Origin, chimene chimagwira ntchito mu Firefox ya pa Android. Chrome ya pa foni salola zoonjezera zotere, pomwe Brave ndi Opera Mini zimabwera ndi chotchinga chawochawo. Chotchingachi chimasesa tsamba bwino lomwe, koma mphamvu yake imathera mu browser momwemo. Masewera amene ana amakonda sichiwafikira.

Njira yachiwiri imatchinga pa netiweki. Foni isanafike pa tsamba lililonse, imayamba yafunsa keyala yake ku kompyuta yotchedwa DNS. DNS yosefa imakana kupereka keyala za makampani otsatsa, ndipo zotsatsazo sizifika n'komwe. Kuyambira pa Android 9 ya 2018, mafoni ali ndi malo olembedwa Private DNS, mukalembamo dns.adguard-dns.com, mapulogalamu onse a m'foni amasefedwa, ngakhale mutasintha simu kadi mutaoloka kupita ku Chipata. Makolo amene amabwereka ana foni angalembe family.adguard-dns.com, imene imatsekanso masamba olaula.

Komabe njirayi ili ndi polekezera pake. Zotsatsa za pa Facebook ndi YouTube siingazichotse, pakuti zimachokera pa keyala imodzimodzi ndi zimene mukuonerazo. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'chakuti mwini DNS amadziwa dzina la tsamba lililonse limene foni yanu yafunsa. Mwachotsa maso a otsatsa ambiri, inde, koma mwakhulupirira kampani imodzi imene simunaionepo.

Kwa ife amene intaneti yathu yonse ili pa foni, n'kwanzeru kuyamba ndi Private DNS, kenaka kuonjezera Firefox yokhala ndi uBlock Origin powerenga nkhani. Tsamba lofunika likakana kutseguka, bwezerani Private DNS pa Automatic, mumalize ntchito yanu, n'kulembanso keyala ija.