Tcheni chokungika gwa si tcheni chabwino

Loweruka lapitali mnyamata wina woperekera katundu anafika pa galaja yanga ku Kaunda Square Stage 1 akukankha njinga yamoto, bondo lili magazi okhaokha. Tcheni chinamudukira pa Great East Road, cha ku Munali, n'kukakola pa sprocket, giya la mano lija la kumbuyo, tayala n'kuuma pomwepo. Mwayi wake minibasi imene inali m'mbuyo inagwira mabuleki msanga.

"Amdala, tchenichi ndachikunga dzulo lomweli," anatero akunjenjemera. "Chinali gwa, osagwedera n'komwe."

Mawu amenewa ndawamva mpaka kutopa nawo, ndipo amandipweteka mtima, chifukwa amene amawanena ndi anyamata osamala, oganiza kuti akuchitira njinga zabwino. Tcheni chimafuna mpata. Tayala lakumbuyo limakhala pa swingarm, foloko yachitsulo imene imakwera ndi kutsika mukagunda bampu kapena mukanyamula munthu. Folokoyo ikakwera, sprocket yakumbuyo imatalikira pang'ono kuchoka ku yaing'ono ya pa injini, ndipo tcheni chimakungika chokha. Ndiye ngati munachikunga kale njinga ili pa sitandi yopanda katundu, mphamvu yonseyo ipita kuti? Imakakoka shafti yotuluka mu giyabokosi, kudya bearing yake, kung'amba labala lotsekera oyilo. Pakapita masiku oyilo ayamba kudontha kuseri kwa sprocket yaing'ono, mwini njinga n'kumadandaula kuti injini yatha, pamene chaipha ndi sipanala yake yomwe. Zikavuta, tcheni chimaduka pa liwiro.

Pa njinga zing'onozing'ono zadzaza mu Lusaka muno, ma Boxer ndi ma TVS, tcheni chiyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 mukachikankha ndi chala pakatikati, m'munsi. Buku la njinga yanu likanena zina, tsatirani bukulo. Komanso tcheni sichitha mofanana ponse. Zunguzani tayala pang'onopang'ono, mupeze pamene chalimba kwambiri, muyezere pamenepo. Ambiri amayeza pamene chalendewera, n'kukunga, osadziwa kuti mbali inayo aimanga ngati chingwe cha uta.

Chitini chophimba tcheni chija anthu amachotsa ati chimasokosera. Ine ndimakana. Fumbi la mu September ndi October likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lopala chitsulo, ndipo mvula ikayamba mu November matope a m'misewu ya m'makomboni amamaliza ntchitoyo. Chitinicho chili ndi kabowo koonera, simufunika kuchimasula. Oyilo wakuda wochotsa mu injini nayenso sindimukonda. Ngopyapyala, amauluka msanga, ndipo ali kale ndi zinyenyeswa za chitsulo. Tsukani ndi parafini, mupake oyilo wa magiya kapena wopopera wa tcheni. Ngati tcheni chanu ndi cha timalabala m'kati, petulo musamuyandikize.

Za kugula, ndikudziwa ndalama ndi yovuta. Koma tcheni chatsopano pa sprocket ya mano osongoka, opindikira mbali imodzi, sichikhalitsa. Sinthani zitatu zonse pamodzi: tcheni ndi ma sprocket onse awiri. Mukamva "gu!" kumbuyo posiya kilachi, kawirikawiri ndi malabala a m'kati mwa habu amene afota, aja amafewetsa kukoka kwa injini. Ndi otchipa, ndipo ndi bwino kugula atsopano kusiyana n'kukhomeramo zidutswa za chubu.

Musananyamuke m'mawa, gwadani pang'ono. Kankhani tcheni, muone ngati chauma kapena chili ndi mfundo yokana kupindika. Kapini kotsekera tcheni kakhalepo, mutu wake wotseka uloze kumene tcheni chikupita. Gwedezani tayala uku ndi uku. Likagwedera, mwina bearing yatha. Nati ya ekiselo ikhale yomangika, ndipo timizere ta mbali zonse ziwiri za swingarm tifanane kuti tayala lisayende chammbali. Mukakunga tcheni, yesaninso buleki ya kumbuyo, chifukwa tayala likasuntha nayonso imasintha.

Ndipo chonde, popaka oyilo zimitsani injini, muzunguze tayala ndi dzanja. Nsanza ikakodwa m'tcheni chothamanga imakoka zala kulowa nazo m'mano a sprocket munthu asanaphethire.