Kuluza kwa chaka chatha kumachepetsa msonkho wa chaka chino

Ndalama zimene bizinesi yaluza m'chaka china zimawerengedwabe pa nkhani ya msonkho ngakhale chakacho chitatha. Lamulo la misonkho ku Malawi limalola kuti zichotsedwe pa phindu la zaka zotsatira, kenako msonkho uwerengedwe pa zotsalazo. Chifukwa chake n'chakuti msonkho umadulidwa chaka ndi chaka, pomwe malonda sayenda mofanana: chaka china mvula imavuta, china magetsi amazimazima.

Mwachitsanzo, kampani ya chigayo itha kuluza K10 miliyoni chaka choyamba, chimanga chitasowa m'midzi. Chaka chachiwiri ikapeza phindu la K6 miliyoni, silipira msonkho wa phindu, ndipo K4 miliyoni yotsala imadikira chaka chachitatu. Chakacho phindu likafika K14 miliyoni, msonkho umawerengedwa pa K10 miliyoni yokha. Pa mlingo wa K30 pa K100 iliyonse, umene makampani ambiri olembetsedwa m'dziko muno amalipira, kampaniyo ipereka K3 miliyoni m'malo mwa K4.2 miliyoni.

Mwayiwu uli ndi malire. Kwa mabizinesi ambiri umatha pakapita zaka 6, ndipo ndalama zimene sizinachotsedwe pofika nthawiyo zimangotayika. Komanso subwerera m'mbuyo: kuluza kwa chaka chino sikuchititsa kuti boma libweze msonkho umene unalipidwa chaka chatha.

Chachikulu n'chakuti bungwe lotolera misonkho la MRA livomereze kuti kuluzako kunachitikadi. Kampani imayenera kupereka lipoti la ndalama zake pasanathe masiku 180 chaka chake cha malonda chitatha, ngakhale pamene sinapindule. Zimene zimachotsedwa ndi ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito poyendetsa bizinesiyo, monga bilu ya magetsi, malipiro a antchito, lendi ndi zokonzetsera makina. Ndalama zimene mwini chigayo watapa m'kabati kuti alipirire ana fizi, agulire ndiwo kapena apepesere maliro sizilowa m'gululi. Kugula makina atsopano nako kuli ndi malamulo akeake a kachotsedwe.

N'chifukwa chake malisiti ndi mabuku a chaka choipa amafunika kusungidwa mosamala ngati a chaka chabwino. Wamalonda amene sanapereke lipoti poganiza kuti palibe cholipira amadzavutika kuonetsa umboni phindu likadzabwera, ndipo akhoza kulipira msonkho wonse ngati kuti sanaluzepo.