Galimoto ya Boma Ikagunda Munthu, Alipira Ndani?

M'mizinda yaikulu ya kuno kumwera ndi pakati pa Afirika dzuwa sililowa munthu asanaone galimoto ya Boma pa mseu. Ku Malawi imadziwika ndi zilembo za MG, ku Zambia ndi GRZ, ndipo amene anakhalitsa ku Joni akukumbukabe zilembo za GG, zimene zinali kuimira garaja ya Boma. Anthu ambiri amayesa kuti popeza Boma ndilo limakakamiza eni magalimoto kugula inshuwalansi, ndiye kuti magalimoto ace ali ndi inshuwalansi yoposa ya wina aliyense. Koma ku Britain ndi ku South Africa, maiko awiri amene malamulo ao anafalikira kwambiri m'cigawo cino, siziri conco iai. Boma limasenza lokha ngozi zace.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Munthu wa lole imodzi akapha munthu pa mseu sangathe kulipira mlanduwo ngakhale atagulitsa lole ndi nyumba yomwe, cotero amasonkha pang'ono pang'ono pamodzi ndi anzace zikwi zambiri ku kampani, kuti tsoka likagwera mmodzi onse amthandize kunyamula. Boma liri ndi magalimoto zikwi zambiri lokha, ndipo thumba lace ndi msonkho wa dziko lonse. Likapita ku kampani lingakhale likungoonjezera phindu la eni kampaniyo. Lamulo la pa mseu la ku Britain la 1930, limene linakakamiza inshuwalansi kuyambira pa 1 January 1931, linasiya kunja magalimoto a Mfumu, a makhonsolo ndi a polisi. Linalolanso munthu wacuma kusungitsa £15,000 ku khoti lalikulu m'malo mogula inshuwalansi, ndipo njira imeneyi inatsekedwa mu 2019. Apa ciri coonekeratu kuti cimene opanga lamulo anali kufuna ndi thumba lokhoza kulipira wobvulala, kaya thumbalo liri kwa kampani kapena kwa mwini galimoto.

Komatu thumba lingakule bwanji, liribe nchito kwa munthu amene saloledwa kupisamo dzanja. Mwambo wakale wa Angerezi unali kunena kuti Mfumu silakwa, ndipo cifukwa ca ici munthu wobvulazidwa ndi wanchito wa Boma sanali kutha kusumira Boma lenilenilo. Cimene anali kucita ndi ici: Boma linali kupereka dzina la ofisala wina kuti mlandu ulembedwe pa iye, ndipo akagonja Boma linali kulipira mwa kufuna kwace. Mu 1946 oweruza a House of Lords, pa mlandu wa Adams ndi Naylor, wokhudza anyamata amene anaphulikiridwa ndi bomba lokwiriridwa ndi asilikali pa nthawi ya nkhondo, anadzudzula macitidwe obwereka dzinawa. Nyumba ya Malamulo inacita cangu, ndipo lamulo la 1947 lolola anthu kusumira Boma linayamba kugwira nchito pa 1 January 1948.

South Africa inali itatsegula kale khomo limeneli mu 1910, ndi kukonzanso lamulolo mu 1957. Koma m'lamulo la 1957 munali ndime yoletsa amithenga a khoti kugwira katundu wa Boma, kotero kuti munthu anali kupambana mlandu, cigamulo ciri m'manja, nakhala miyezi ndi miyezi osaona ndalama. Khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, la ku Johannesburg, linathetsa ndimeyi mu 2008, ndipo lamulo linakonzedwa mu 2011. Mwini dandaulolo, amene analemala cifukwa ca kusasamala kwa a cipatala, anamwalira cigamulo cisanaperekedwe.

Pa nkhani ya kubvulala kwa thupi South Africa inatsata njira yaceyace. Lamulo la 1942, limene linayamba mu 1946, linalamula eni magalimoto kugula inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo cizindikiro cace cinali kumatidwa pa galasi la kutsogolo. Mu 1986 anasiya zimenezi nayamba kutenga ndalamazo pa mtengo wa petulo ndi dizilo. Thumba la Road Accident Fund linayamba mu 1997, ndipo mu 2021 msonkho wace unafika R2.18 pa lita imodzi. Thumbali silisankha kuti galimoto yogundayo ndi ya Boma kapena ya mwini sitolo. Limalipira za ku cipatala, za maliro, malipiro otayika ndi cithandizo ca ana amasiye, malinga dandaulo lifike zaka zitatu zisanathe, kapena ziwiri ngati galimotoyo inathawa osadziwika. Koma njinga yophwanyika, mpanda wogwa kapena ng'ombe yakufa, izo thumbali lilibe nazo kanthu. Mwini wace ayenera kulimbana ndi dipatimenti ya Boma, ndipo lamulo la 2002 limafuna kuti kalata yodziwitsa za mlanduwo ifike miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Wocedwa ayenera kupempha khoti kuti limkhululukire, ndipo imeneyo ndi ndalama ina ya kwa loya.

Tsono amene ali pa mpanipani weniweni ndi dalaivala. Malamulo a nthambi ya zacuma a 2005, opangidwa pansi pa lamulo la 1999 la kasungidwe ka cuma ca Boma, amanena poyera kuti Boma lidzasenza lokha zoonongeka ndi ngozi zace. Mkulu wa dipatimenti angagule inshuwalansi ya magalimoto akaona kuti nkoyenera, koma ndalama zace zisapitirire R250 000 pa caka popanda cilolezo ca osunga cuma. Wanchito akacita ngozi ali pa nchito, Boma limamfungatira: limampatsa loya wace ndi kulipira mlanduwo. Koma citetezo cimeneci cimaguluka mosabvuta. Cimacoka ngati dalaivala anali atamwa mowa, ngati analibe laisensi yoyenera, ngati anatenga galimoto wosauzidwa, ngati anapatsa ciwongolero munthu wosaloledwa, kapena ngati anapatuka kwambiri pa njira imene analemberedwa.

Zimenezi pa pepala zimaoneka ngati zocimwa za anthu osasamala okha, koma amene amadziwa moyo wa m'malokeshoni adzaona kuti ndi zinthu za masiku onse. Dalaivala wotumidwa ku siteshoni amaganiza zodzera ku nyumba kukatula thumba la ufa, popeza lole iri yopanda kanthu ndipo basi yadula. Wina amasiyira ciwongolero mnyamata womthandiza kuti aphunzire, monga iyenso anaphunzirira kwa akulu ace. Palibe amene angamuyese mbala munthu wotere. Koma ngozi ikacitikira pa mseu wa ku lokeshoni pamene kalata ya ulendo ikunena za siteshoni, funso loyamba la mkulu wa garaja lidzakhala lakuti kumeneko anakatani.

Pali ndime inanso imene imawawa kwambiri anthu oleredwa mwaulemu. Wanchito amene abvomera kulakwa, mwa njira yoononga mlandu wa Boma, asanaonane ndi loya wa Boma, amataya citetezo cace. Kwao kwa anthu ambiri munthu akabvulaza mnzace amagwada pomwepo napepesa pamaso pa anthu, ndipo wosatero amayesedwa wouma mtima. Lamulo likufuna kuti dalaivala athandize wobvulala, aitane apolisi, anene zimene zinacitika, koma za mwini kulakwa asiyire ena. Ndi cinthu colemera kucipempha kwa munthu amene waima pambali pa mwana wa eni ace ali thapsa pa mseu.

Kupatuka kwa dalaivala sikutanthauza kuti banja la wobvulala latsala pa dzuwa. Mu 1945 khoti la apilo la ku Bloemfontein linaweruza mlandu wa Feldman ndi Mall. Dalaivala wa kampani ina ya ku Johannesburg, atatha kugawa katundu, m'malo mobweza galimoto ku garaja anapita ku Sophiatown kukamwa mowa, ndipo pobwerera anagunda munthu namupha. Oweruza ananena kuti kampani ilipire, cifukwa dalaivalayo anali asanataye nchito ya bwana wace kotheratu. Galimoto inali ikadali m'manja mwace kuti aibweze. Mfundo imeneyi imakhudzanso Boma monga wolemba anthu nchito. Cotero Boma lingalipire woonongeredwa katundu, kenaka nkutembenukira kwa dalaivala amene anataya citetezo ndi kufuna ndalama zace kwa iye, pamodzi ndi za lole yophwanyikayo.

Wanchito wa Boma akabvulala iye mwini, nkhani yace imagwa m'lamulo la cipukuta misozi ca anchito, limene ku South Africa linakhazikitsidwa mu 1941 ndi kulowedwa m'malo ndi lina mu 1993. Apanso Boma silisonkha ku thumba monga amacitira eni mafakitale. Limalipira lokha anthu ace monga mwa muyeso wa lamulolo. Amene walephera kugwira nchito kwa kanthawi amalandira magawo atatu mwa anai a malipiro ace, ndipo safunsidwa kuti aonetse kulakwa kwa bwana, koma sangasumirenso bwanayo kufuna zoonjezera. M'lamulo la 1993 monga linalembedwa poyamba, ngati ngoziyo inadza cifukwa ca kuswa lamulo mwadala, cipukuta misozi cinali kukanizidwa, kupatula pamene munthuyo walemala kwambiri kapena wamwalira nasiya anthu amene anali kudya m'manja mwace.